Za Ndege Imene Inakhala Miyezi 10 mu Mtsinje

Ife a kuno ku Mbenje tidziwa kuti bwato likang'ambika pamwala mwini wake salitaya. Alikokera kumtunda, namata mng'aluwo, nalibwezanso m'Shire. Tsono imvani mbiri ya bwato lina lamapiko limene linakonzedwa momwemo.

M'chaka cha 1937 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula anthu ndi makalata kuchokera ku Mangalande kufikira ku Durban pa ndege zotera pamadzi. Zinali kupumira pa Beira, kumene abale athu ambiri anapita pa njanji kukafuna ntchito. Imodzi ya ndegezo dzina lake Corsair. M'mwezi wa Malichi 1939, ili pa ulendo wobwerera kumpoto, inasokera m'nkhungu, mafuta nayamba kutha. Woyendetsa wake, Captain Alcock, anaona mtsinje wa Dungu m'dziko la Congo, pafupi ndi Faradje, natera pomwepo. Koma mwala wobisika m'madzi unang'amba mimba ya ndegeyo. Iye anaithamangitsira kugombe isanamire, ndipo sanafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Eni ake sanafune kuisiya m'matope, pakuti inali ya mtengo wapatali. Anatumiza amisiri ochokera ku Mangalande, ndipo anthu a m'midzi ya kumeneko analambula msewu m'thengo, nasenza zipangizo, nakoka chilombocho kufikira chinatuluka m'thope. Amisiriwo anakhoma zigamba zachitsulo pong'ambika paja, akusautsidwa ndi kutentha ndi malungo. Pofika Julayi ntchito inatha. Ndege inathamanga pamadzi kuti inyamuke, koma tsoka ilo, inagundanso mwala, ndi thukuta la miyezi 4 linapita pachabe.

Apa ndipo tizizwa nawo anthu aja, pakuti ambiri a ife tikadagwa mphwayi. Iwo anayambanso. Ndipo pamene zigamba zatsopano zinakhomedwa, panabuka vuto lina: madzi a mtsinje anachepa, osakwanira kuti ndege yolemera chotero ithamangepo. Pamenepo anatseka mtsinje ndi mitengo ndi miyala, monga tichita ife pomanga biyo la nsomba, koma lalikulu ndithu, kufikira madzi anakwera nakhala ngati thamanda lalitali. M'mwezi wa Januwale 1940, nkhondo yaikulu itayamba kale, Captain Kelly-Rogers anaiulutsa Corsair kuchoka pa Dungu.

Mabuku a azungu atchula maina a oyendetsa awiriwo, koma za iwo amene anaima m'madzi ndi kusenza miyala angoti "anthu a m'midzi", ndipo ife tiyesa kuti kutero n'kuwamana gawo lawo. Mudzi wa misasa umene unamera pa malo a ntchitoyo unatchedwa Corsairville. Ndegeyo inauluka zaka zotsala za nkhondo, ndipo inaphwasulidwa ku Mangalande m'chaka cha 1947.