M'mene Boma Linamezera Dziko la Germany

Lero tikambe za ulamuliro umene Boma silikhuta ndi msonkho wokha, koma lifuna kulamulira ngakhale zimene munthu aganiza mumtima mwake. Mafumu ankhanza analipo kuyambira kale, koma kawirikawiri munthu akapereka msonkho anali kumleka alime munda wake. Ulamuliro tikunenawu sumsiyira munthu pobisala. Tiyeni tione m'mene unakhazikikira ku Germany.

Pa 30 Januwale 1933 Adolf Hitler anaikidwa kukhala nduna yaikulu. Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo, yotchedwa Reichstag, inapsa ndi moto, ndipo m'mawa mwake kunatuluka lamulo lochotsa ufulu wa kulankhula, wa kusonkhana ndi wa manyuzipepala. Pa 23 Malichi aphungu 444 anavomera kuti Boma lizipanga malamulo popanda kuwafunsa. Okana anali 94 okha, ndipo aphungu a Chikomyunizimu panalibe, popeza ena anali m'ndende, ena atathawa.

Pamenepo Boma linayamba kuthyola malo onse amene anthu anali kukumana paokha. Pa 2 Meyi mabungwe a antchito anathetsedwa. Pa 10 Meyi mabuku anatenthedwa poyera mu Berlin. Pa 14 Julayi lamulo linati chipani cha Nazi ndicho chokha chololedwa. Otsutsa anali kuwatsekera ku Dachau, msasa umene unatsegulidwa mu Malichi chaka chomwecho. President Hindenburg atamwalira mu Ogasiti 1934, asilikali analumbira kuti adzamvera Hitler mwini wake. Pofika 1939 ana anali kukakamizidwa kulowa gulu la achinyamata la chipani, kotero kuti kholo linali kuyamba layesa mau ake lisanalankhule pamaso pa mwana wake.

Nayo wailesi inagwidwa. Joseph Goebbels, nduna yoyang'anira zofalitsa nkhani, anaonetsetsa kuti mawailesi otsika mtengo afike m'nyumba zambiri, kuti liwu limodzi lokha lizimveka m'dziko lonse. Nkhondo itayamba mu Seputembala 1939, kumvera wailesi ya kunja kunasanduka mlandu wopita nawo kundende.

Taonani tsono chimene chinatsatira. Pamene Ayuda analandidwa unzika ndi malamulo a ku Nuremberg mu 1935, panalibe nyuzipepala, chipani kapena bwalo la milandu loti nkuletsa. Pofika 1945 Ayuda okwana ngati 6 miliyoni anali ataphedwa, ndipo midzi yaikulu ya Germany inali mabwinja.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Boma limene latseka pakamwa anthu onse latsekanso makutu ake, ndipo likasokera palibe wolibweza. Tikumbukire kuti zambiri mwa izi zinachitika mwa malamulo olembedwa, limodzi limodzi, zisanathe zaka 2.