Cuma ca m'Munda wa ku Hoxne

Ife amene tiwerenga Mateyu 13 tidziwa fanizo la cuma cobisika m'munda, koma ena a ife tiyesa kuti zotere zicitika m'mafanizo mokha. Si tero ai. Kale anthu ambiri analibe kosungitsa ndarama zao, ndipo nkhondo ikayandikira, nthaka ndiyo inali nkhokwe yao.

Pa mudzi wa Hoxne, m'dziko la Suffolk ku England, mlimi wina anataya nyundo m'munda, napempha bwenzi lace kuti limfunire. Bwenzilo linali ndi makina amene alira akayandikira citsulo cokwiririka pansi. Tsiku la 16 November 1992 makinawo analira, ndipo pokumba iye anaturutsa masupuni a siliva, zokometsera za golidi ndi ndarama zambirimbiri.

Tsono taonani cimene anacita munthuyo. Atatola zina analeka kukumba, nauza mlimi uja, ndipo anaitana apolisi ndi eni munda. M'mawa mwace anadza akatswiri a zinthu zakale, nafukula zotsalazo pang'onopang'ono pamodzi ndi dothi lace. Tinena kuti apa mpamene pagona nkhani yonse. Pakuti ndarama yozulidwa mwaumbombo ingotiuza mtengo wace, koma yopezedwa pamalo pace icita umboni. Cifukwa ca kuleza mtima kumeneku tidziwa kuti cumaco cinali m'bokosi la mtengo, ndi timabokosi tina m'kati mwace, ndi kuti mbale zinalongedwa bwino ndi udzu ndi nsaru. Ndarama zinakwana 14,865: za golidi 569, za siliva 14,272, za mkuwa 24.

Nanga zinakwiriridwa liti? Ndarama za Aroma ziri ndi nkhope ndi dzina la Kaisara amene anazisulitsa. Zatsopano koposa m'bokosimo nza Constantine III, za caka ca 407 kapena 408. Motero bokosilo silinalowe pansi zakazo zisanafike. Constantine ameneyu ndiye anaoloka nyanja ndi asilikari a ku Britain m'caka ca 407 kukalimbira ufumu, ndipo m'caka ca 410 Alaric anafunkha mudzi wa Roma womwe.

Koma umboni wotigwira mtima uli m'mphepete mwa ndarama za siliva. Pafupifupi zonse nzodulidwa m'mbali, zina mpaka malemba anatha. Ndaramazi zinkasulidwa kutsidya la nyanja, ku Trier, ku Milan, ku Lyon ndi kwina, ndipo zinkafika ku Britain makamaka monga malipiro a asilikari. Asilikari atacoka, kasupe anaphwa. Akatswiri ayesa kuti pamenepo anthu anadula m'mbali mwa ndarama zakale kuti apeze siliva wosulira zina. Cinthu cimodzi cokha sanacikhudze, ndico nkhope ya Kaisara. Ufumu unalikutha, koma wodulayo anadziwa kuti ndarama yopanda mutu wa mfumu palibe adzailandira.

Eni cumaco anali olemera ndithu, pakuti anali ndi zotengera za siliva zosungiramo tsabola wogulidwa ku India. Pa masupuni ena pali cizindikilo ca Kristu, zilembo ziwiri za Cihelene zoyamba dzina lace. Pa ena khumi pali dzina lakuti Aurelius Ursicinus. Tiyesa kuti linali banja la Akristu anzathu. Iwo analonga zonse mosamala monga anthu oyembekeza kubweranso, koma sanazifukule.

M'caka ca 1993 cumaco cinawerengedwa mtengo wa mapaundi 1,750,000, ndipo wocipeza uja anagawana ndaramazo ndi mlimi. British Museum ku London inacigula. Nyundo ija nayonso inapezeka pambuyo pace, ndipo inaperekedwa ku nyumba yomweyo.