Khasu, mfuti ndi buku

Tikamaoloka malire pa Kalomwe kupita ku Dedza, timaonetsa ciphaso. Pacikuto pake pali cizindikiro ca dziko lathu la Moçambique. Nthawi ya atsamunda cizindikiro cinali ndi zishango za Portugal. Cathuci cinabwera mu 1975, caka ca ufulu.

Tiyeni ticiyang'ane bwino. Khasu likuimira ife alimi. Mfuti ikukumbutsa nkhondo ya ufulu, imene inayamba mu 1964 ndi kukula kuno ku Tete mu 1968. M'mbali muli cimanga ndi nzimbe. Pansi pa khasu ndi mfuti pali buku lotsegula. Pa nthawiyo anthu 9 mwa 10 sankadziwa kuwerenga.

Mu 1990 anacotsapo liwu lakuti "Popular", koma mfuti anaisiya pomwepo.