Maphunziro a utolankhani m'sukulu za ukachenjede m'dziko muno

Utolankhani ndi imodzi mwa ntchito zimene malamulo a dziko lino sakakamiza munthu kukhala ndi digiri asanaiyambe. Dokotala saloledwa kugwira wodwala asanalembetse ku bungwe la Medical Council of Malawi, ndipo loya saimira munthu pa mlandu asanavomerezedwe ndi bwalo lalikulu la milandu. Koma aliyense amene ali ndi cholembera, kamera kapena lamya ya m'manja akhoza kutola nkhani n'kuifalitsa.

Ngakhale zili chomwechi, olemba anthu ntchito m'nyumba zofalitsa nkhani, m'maunduna a boma ndi m'mabungwe kawirikawiri amafuna dipuloma kapena digiri akamafuna mtolankhani kapena mneneri. Chifukwa chake n'chakuti nkhani yolakwika imawononga zambiri. Imaipitsa mbiri ya munthu wosalakwa, imasokoneza mlandu umene uli m'khoti, ndiponso ikhoza kuchititsa makolo kukaniza ana awo katemera. Maphunziro a ku sukulu ya ukachenjede ndi maziko othandiza kupewa zoterezi, ngakhale kuti paokha sakwanira kuumba mtolankhani wokhwima.

Mmene maphunzirowa anayambira

M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi nyumba zofalitsa nkhani zinali zowerengeka. Kunali wailesi ya MBC imene inakhazikitsidwa mu 1964, nthambi yotola nkhani ya boma ya Malawi News Agency imene inayamba mu 1966, nyuzipepala ya Daily Times imene gwero lake ndi la mu 1895, ya Malawi News imene inayamba mu 1959, ya Boma Lathu, komanso zofalitsa za mipingo monga Moni ndi Odini. Sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inalibe digiri ya utolankhani m'zaka zimenezo. Atolankhani ambiri ankaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo, m'manja mwa akonzi, ndipo ochepa ankatumizidwa ku maphunziro kunja kwa dziko lino.

Zinthu zinasintha potsatira kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika ya mu 1992 ndi riferendamu ya pa 14 June 1993. Nyuzipepala zambiri zinabadwa m'kanthawi kochepa. Zina, monga The Nation imene inayamba mu 1993, zinakhazikika, pamene zambiri zinafa zisanapite patali. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 anapereka ufulu wolankhula zakukhosi m'Gawo 35, ufulu wa atolankhani m'Gawo 36, ndi ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga m'Gawo 37.

Ufulu unafika maphunziro asanafike. Anthu ambiri amene analowa ntchitoyi m'zaka zimenezo sanaphunzirepo kutsimikiza nkhani kapena malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu. Kusowa kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti m'zaka za m'ma 1990 kutsegulidwe sukulu ya Malawi Institute of Journalism ku Blantyre, ndiponso kuti sukulu ya Polytechnic iyambe kuphunzitsa utolankhani. Lamulo loona za kufalitsa mauthenga la mu 1998, limene linakhazikitsa bungwe la MACRA, linatsegula khomo la mawailesi a anthu wamba, a mipingo ndi a m'madera. Wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo wailesi ya mawu ya Zodiak inayamba mu 2005. Kuchuluka kwa nyumba zimenezi kunawonjezera kufunika kwa anthu ophunzitsidwa bwino.

Kumene maphunzirowa amapezeka

Digiri ya utolankhani imene inkaperekedwa ku Polytechnic tsopano ili m'manja mwa Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre. Sukuluyi inaima payokha mu 2021 pamene University of Malawi inagawidwa.

Ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka njira zofalitsira nkhani pa chitukuko, komanso za kufalitsa mauthenga ndi chikhalidwe. Sukuluyi ili ndi wailesi yake ya Chanco Community Radio. Ku Mzuzu University nakonso kuli digiri ya za kufalitsa mauthenga. Mwa sukulu zomwe si za boma pali African Bible College ku Lilongwe, imene ili ndi wailesi ya Radio ABC.

Sukulu ya Malawi Institute of Journalism imadziwika ndi satifiketi ndi dipuloma, ndipo ophunzira ake amazolowera ntchito pa wailesi ya MIJ FM. Atolankhani ambiri amayambira pa dipuloma, n'kugwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kubwerera ku sukulu kukatenga digiri kudzera m'ndondomeko yolandira ophunzira amene ali kale pa ntchito.

Zoyenereza

Wofuna kuyamba digiri ku sukulu ya ukachenjede ya boma ayenera kukhoza bwino maphunziro osachepera asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Ntchito yosankha ophunzira opita ku sukulu zimenezi imadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi. Ophunzira ovutika akhoza kupempha ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Makolo ndi ophunzira ayenera kufufuza ku National Council for Higher Education asanalipire fizi ku sukulu iliyonse. Bungweli limavomereza sukulu payokha ndiponso maphunziro aliwonse paokha, kotero kuti sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene digiri yake ina sinavomerezedwe. Pepala losavomerezeka limavutitsa mwini wake pofuna ntchito m'boma.

Zimene wophunzira amaphunzira

Phunziro loyamba ndi kutola ndi kulemba nkhani. Wophunzira amazolowera kuyankha mafunso asanu ndi limodzi: ndani, wachita chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani, ndipo motani. Amaphunzira kuika mfundo yaikulu m'ndime yoyamba, kutchula gwero la nkhani, kumva mbali zonse zokhudzidwa, ndi kusiyanitsa zimene zachitika ndi maganizo a wolemba.

Lachiwiri ndi luso la zipangizo: kujambula zithunzi ndi mawu, kukonza pulogalamu ya pa wailesi ndi pa kanema, kuyala masamba a nyuzipepala pa kompyuta, ndi kufalitsa nkhani pa intaneti. Masiku ano akonzi amayembekezera kuti mtolankhani mmodzi akapita ku msonkhano abwereko ndi nkhani yolemba, zithunzi ndi mawu ojambula.

Lachitatu ndi malamulo. Kupatula magawo a malamulo oyendetsera dziko amene atchulidwa kale, wophunzira amadziwa za lamulo la Communications Act la mu 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka chomwecho, ndi la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limene limateteza ana amene akhudzidwa ndi milandu kuti asaululidwe. Malamulo amasintha. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu youkira boma kudzera m'zolankhula ndi zolemba, ndipo mu 2025 bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti Gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu kaamba koipitsa mbiri ya mnzake, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Komabe munthu amene mbiri yake yaipitsidwa akadali ndi ufulu wosumira nyuzipepala kapena wailesi kuti imulipire chipepeso.

Lachinayi ndi mwambo wa ntchito. Bungwe la Media Council of Malawi lili ndi ndondomeko ya mwambo imene atolankhani amayenera kutsatira, pamene la MISA Malawi limateteza ufulu wawo ndi kupereka mphoto kwa ochita bwino pa chikumbutso cha tsiku la ufulu wa atolankhani la pa 3 May. Pa phunziro limeneli ndi pamene pamakambidwa za chipondamthengo. Mawuwa poyamba ankatanthauza kandalama kamene munthu amapereka kwa sing'anga asanapite kutchire kukafuna mankhwala, koma atolankhani amawagwiritsa ntchito ponena ndalama imene wokonza msonkhano amawapatsa. Mtolankhani amene walandira ndalama yotere amavutika kulemba zolakwika za amene wamupatsa.

Pomaliza pali kafukufuku. Wophunzira wa chaka chomaliza amasankha mutu, n'kufufuza, n'kulemba zimene wapeza. Apa ndi pamene digiri imasiyana kwambiri ndi maphunziro afupiafupi, chifukwa munthu amazolowera kuwerenga malipoti aatali ndi kufunsa kumene chiwerengero chachokera.

Zimene digiri siipereka payokha

Choyamba ndi kuzolowera ntchito. Nkhani ya m'kalasi ikhoza kudikira sabata, koma ya pa wailesi imafunika nthawi ya nkhani isanakwane. N'chifukwa chake sukulu zimatumiza ophunzira kukagwira ntchito kwa kanthawi m'nyumba zofalitsa nkhani ndi m'maofesi. Kumeneko amaphunzira kufulumira, komanso kuti kuthamanga si kufika: nkhani yotuluka msanga koma yosatsimikizika imabwerera kwa mwini wake. Wophunzira amene amafika kwa mkonzi ali ndi nkhani zimene zinasindikizidwa kale kapena mapulogalamu amene anaulutsidwa amakhala patsogolo pa mnzake amene wangonyamula pepala.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Maphunziro a ukachenjede amachitika m'Chingerezi, pamene Amalawi ambiri amamva nkhani m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi zilankhulo zina. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Monkey Bay, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi wa ku Nkhotakota amadalira zilankhulo za anthu a komweko. Kulemba nkhani m'Chichewa ndi luso lofunika kuliphunzira. Mwachitsanzo, mawu akuti "wamangidwa" akhoza kutanthauza kuti apolisi akumusunga munthu pomuganizira mlandu, kapena kuti bwalo lamupeza wolakwa n'kumutumiza kundende. Mtolankhani wosamala amanena momveka kuti ndi ziti mwa ziwirizi, chifukwa woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira bwalo litagamula. Wophunzira wanzeru amawerenga masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe, ndipo amagwiritsa ntchito malamulo a kalembedwe ka Chichewa ndi mtanthauziramawu wa nthambi ya Centre for Language Studies ya ku Zomba.

Chachitatu ndi kudziwa nkhani imene akulemba. Mtolankhani wa za chuma ayenera kudziwa kuti ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yavomereza mu bajeti n'zosiyana ndi zimene nthambi ya za chuma yatumiza kale ku unduna kapena ku khonsolo. Ayeneranso kudziwa kuti kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha za chuma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Wosadziwa zimenezi akhoza kulemba kuti ndalama zasowa pamene sizinafike n'komwe. Pachifukwa chimenechi anthu ena amayamba aphunzira za chuma, za ulimi, za umoyo kapena za malamulo, kenako n'kuwonjezera maphunziro a utolankhani. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka.

Ntchito zimene omaliza maphunziro amapeza

Omaliza maphunzirowa amalembedwa ntchito m'nyuzipepala, m'mawailesi, m'makanema ndi m'nyumba zofalitsa nkhani pa intaneti. Ena amalowa m'boma ngati atolankhani a Malawi News Agency, maofesala ofalitsa nkhani a m'maboma, kapena aneneri a maunduna ndi nthambi. Enanso amapita ku mabungwe omwe si a boma ndi ku makampani.

Wofuna ntchitoyi adziwiretu kuti malipiro a mtolankhani woyamba kumene m'nyumba zambiri ndi otsika, ndipo ena amalipidwa potengera nkhani zimene zatuluka. Nyuzipepala zosindikiza zikupikisana ndi Facebook ndi WhatsApp, kumene nkhani zoona ndi zabodza zimayendera limodzi. Izi zikuchititsa kuti luso lotsimikiza nkhani likhale lofunika kuposa kale.

Mbali ya ogwira ntchito m'boma

Maphunziro a utolankhani amakhudzanso ogwira ntchito m'boma. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, la Access to Information Act, linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2016, linasainidwa mu 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamuloli limafuna kuti ofesi iliyonse yosunga nkhani za boma ikhale ndi ofesala wolandira mapempho, ndipo pempho liyankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Ofesala amene anaphunzira za kufalitsa nkhani amadziwa chimene mtolankhani akufuna, nthawi imene akuchifuna, ndi nkhani zimene lamulo limalola kusaulula.

Akuluakulu a maunduna ndi makhonsolo akhoza kuthandiza m'njira zitatu. Akhoza kulandira ophunzira odzazolowera ntchito ndi kuwapatsa ntchito yeniyeni yolemba, osati kuwatuma kukachita fotokope. Akhoza kulola maofesala awo ofalitsa nkhani amene ali ndi dipuloma kukawonjezera maphunziro motsatira ndondomeko za boma. Akhozanso kuyankha mafunso a atolankhani munthawi yake ndi ziwerengero zolondola, chifukwa mtolankhani, ngakhale waphunzira bwanji, amalemba zimene wapeza. Ofesi ikakhala chete, nkhani imatulukabe, koma yopanda mbali ya boma.