Mmene Kompyuta Inafikira M'galaja ya Mmisiri wa Zitsulo

Anthu ambiri akaona mmisiri akumangirira timamota ndi kompyuta pa makina akale osemera zitsulo m'galaja ya kunyumba kwake, amayesa kuti akungotsanzira mwaumphawi zimene mafakitale aakulu amachita. Mbiri ikukana zimenezi. Makina oyendetsedwa ndi manambala amene anaonetsedwa ku Massachusetts Institute of Technology mu 1952 sanali atsopano ayi. Anali makina a Cincinnati Hydrotel, amene akatswiri a pasukulupo anawasintha n'kuikapo mamota omvera malangizo obowoledwa pa tepi. Ganizolo linachokera kwa John T. Parsons wa ku Traverse City, Michigan, yemwe pamodzi ndi Frank Stulen ankagwiritsa ntchito makina owerengera a makadi obowola pofuna kupeza mapindikidwe a mapiko a helikopita, ndipo ndalama zinachokera ku gulu la nkhondo la ndege la America. Luso lonseli linabadwa mwa kukonzanso chinthu chakale, ndipo mmisiri wa m'galaja akungobwereza njira yomweyo.

Chimene chinatsekereza lusoli m'mafakitale kwa zaka zambiri sichinali chitsulo, koma mtengo wa bokosi lolamulira makinawo. Chitsulo chinalipo kale chambiri: makina a Bridgeport, amene anayamba kupangidwa mu 1938, ankapezeka otchipa mafakitale akamagula atsopano. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990, pamene bungwe la boma la America la National Institute of Standards and Technology linalemba pulogalamu ya Enhanced Machine Controller yoyenda pa kompyuta wamba. Popeza inali ntchito ya boma, aliyense anali womasuka kuitenga, ndipo anthu odzipereka anaikulitsa mpaka kukhala LinuxCNC ya lero. Art Fenerty wa ku Canada analemba Mach3, imene inkatumiza malangizo kumamota kudzera pa doko lakale lolumikizira printa, ndipo mu 2009 Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anatulutsa Grbl, imene inafala kwambiri pa kabolodi ka Arduino. Mapulogalamu onsewa amamva G-code, malangizo a mtundu womwewo umene makina a m'fakitale amamva.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Amati makina opangidwira manja ali ndi mpata pakati pa sikuluwu yaitali yoyendetsa tebulo ndi nati yake, moti tebulolo likamabwerera limachedwa kutsatira. Mmisiri wopukusa ndi dzanja amaumva mpatawo n'kuuzemba, koma mota simva kanthu, ndipo bowo loyenera kukhala lozungulira limatuluka lopotoka pang'ono. Amatinso timamota ta stepper timaphonya masitepe tikalemedwa, kompyuta osadziwa. Zonsezi n'zoona, komatu mankhwala ake ndi odziwika: kuika ma ballscrew m'malo mwa masikuluwu akale, kusankha mota yamphamvu yokwanira, ndi kusema pang'onopang'ono. Wosema tizigawo tiwiri ta njinga yamoto sakupikisana ndi fakitale ya ndege, ndiye kumuyeza ndi muyezo wa fakitaleyo n'kusamvetsa chimene akuchita.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti kompyuta imapha luso la manja. David Noble, m'buku lake la Forces of Production la 1984, ananena kuti mabwana anakonda makina a manambala mwa zina chifukwa ankachotsa ulamuliro kwa amisiri n'kuupereka kwa olemba mapulogalamu a mu ofesi. M'fakitale mwina zinalidi choncho. Koma chinapweteka amisiriwo chinali kugawidwa kwa ntchito, ndipo m'galaja mulibe woigawa. Munthu mmodzi yemweyo amajambula, kulemba malangizo, kumanga chitsulo pa tebulo ndi kumvetsera kulira kwa mpeni wosemera. Wosadziwa liwiro loyenera aluminiyamu poyerekeza ndi chitsulo cholimba amathyola mpeni tsiku loyamba, ngakhale kompyuta yake ikhale yodula bwanji.