Wosenza Chiopsezo Ndiye Woyenera Phindu

Tikamaphunzira mbiri ya malonda a Asilamu oyambirira, timapeza kuti funso lalikulu linali lakuti: chuma chikaonongeka panjira, adzaluza ndani? Njira zinali zazitali, zachifwamba zinali zambiri, ndipo wamalonda sankadziwa kuti kumsika akapezako mitengo yotani, kapena anzake angati amene amtsogolera ndi katundu yemweyo.

Imam Malik, yemwe adamwalira mu 795, adalemba m'buku la Al-Muwatta nkhani ya m'nthawi ya Khalifa Umar (r.a), amene adalamulira kuyambira 634 mpaka 644. Ana ake awiri, Abdullah ndi Ubaydullah, pochokera kunkhondo ku Iraq adadzera kwa Abu Musa al-Ash'ari, bwanamkubwa wa Basra. Iye adawabwereka ndalama za boma zopita ku Madina, kuti agulire katundu, akagulitse, akapereke mpambawo kwa Khalifa, phindu likhale lawo. Malonda adayenda bwino. Koma Umar ataona kuti asilikali ena sadapatsidwe mwayi wotere, adalamula kuti anawo apereke mpamba ndi phindu lomwe. Abdullah adakhala chete. Ubaydullah adayankha kuti ndalamazo zikadatayika, akadalipira ndi iwowo. Pamapeto nkhaniyo idaweruzidwa ngati qirad: boma lidatenga mpamba ndi theka la phindu, theka linalo adagawana anawo.

Qirad, imene timaitchanso mudaraba, ndi mgwirizano woti wina apereke mpamba, wina agwire ntchito. Phindu amagawana monga adapanganira poyamba. Malonda akagwa popanda kusasamala, mwini mpamba amaluza ndalama, wogwira ntchito amaluza thukuta lake. N'chifukwa chake eni mpamba ankasankhiratu zoopsa zimene angazipirire. Swahaba Hakim ibn Hizam (r.a) ankaletsa womuyendetsera malonda kugula ziweto, kuyenda panyanja, ndi kutsikira m'chigwa chodutsa madzi osefukira. Wophwanya malire amenewa ankalipira yekha.

Amalonda a ku Genoa ndi Venice m'zaka za m'ma 1100 adali ndi mgwirizano wofanana, wotchedwa commenda. Kawirikawiri mwini mpamba ankatenga magawo atatu mwa anayi a phindu.

Ifenso lero timapereka mpamba kwa achibale kuti akaode katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Ambirife timafuna phindu lodziwikiratu, koma zikavuta timafunanso mpamba wonse ubwerere. Pamenepo sitilinso pa mudaraba, tagwera m'riba, ndipo ubale umatha. Tisanapereke ndalama, tiyeni tipangane za gawo la aliyense, za malire a ulendo, ndi za amene adzasenze kuluza, kenaka tilembe pamaso pa mboni.