Kukolera, kuyoyoka ndi kuchiza: mawu a pa mphika wa mpunga wachikasu

Ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma mpunga si mbewu ya kumunda. Kuno ndi kwa chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Mpunga umabwera m'matumba kuchokera kunyanja, Kilombero wa ku Karonga kapena Faya wa ku Nkhotakota ndi Salima, ndipo poti ndi wogula, umaphikidwa tsiku loti pali chifukwa: Khirisimasi, chinkhoswe, ukwati, kapena kwabwera apongozi. Masiku ano mpunga wa pa zochitika zotere sukhalanso woyera wokhawokha. Amayi ena akuuthira manjano, muzu umene m'masitolo umalembedwa kuti tameriki, ena akuponyamo ndi lemoni girasi, udzu uja timaudziwa ndi tiyi. Kaphikidwe kameneka kabwera ndi mawu a mitundu iwiri. Mawu a pa mafuwa ndi olunjika, munthu angathe kuwayesa ndi lilime. Mawu onena za thanzi ndi otayirira, ndipo ndi amene akundidetsa nkhawa.

Ntchito imayambira pa lichero. Kupeta kumachotsa mankhusu, kusankha kumachotsa timiyala, ndipo kutsuka kumachotsa kaufa koyera kokuta njere. Kaufa ako ndi kamene kamamatanitsa mpunga mumphika, n'chifukwa chake wophika wodziwa amatsuka mpaka madzi atasiya kuoneka ngati mkaka. Cholinga cha zonsezi chili m'liwu limodzi, kuyoyoka. Mpunga woyoyoka ndi uja njere iliyonse yapsa mpaka pakati koma ikugwa payokha pa chipande. Ukamatana, anthu pa ukwati sachedwa kunong'onezana kuti atiphikira phala.

Kukazinga ndiye mtima wa kaphikidweka. Mpunga wa masiku onse timangouthira m'madzi owira, koma uwu umayamba ndi mafuta. Mumakazinga anyezi mpaka afiirire, n'kuthira ufa wa manjano, n'kutakasa kanthawi kochepa, kenako mpunga wotsuka uja n'kuutembenuza mpaka njere zonse zitavala mafuta. Madzi amabwera pambuyo, makapu awiri kapena kucheperako pang'ono pa kapu imodzi ya mpunga. Dongosololi lili ndi chifukwa chake. Chimene chimapatsa manjano mtundu wachikasu, chomwe asayansi amachitcha curcumin, sichisungunuka bwino m'madzi koma m'mafuta. Mukathira ufawo m'madzi, mtundu umagwira mwa apo ndi apo ndipo fungo la dothi limatsalira. Mukauchedwetsa pa mafuta otentha kwambiri, umapserera n'kuyamba kuwawa. Njira yokazinga mpunga musanathire madziyi ndi imene imatchedwa pilawu, ndipo inayenda ulendo wautali kuchokera ku Persia, kudzera ku India ndi ku gombe la Zanzibar ndi Mombasa, isanafike m'makhitchini a kuno.

Tili ndi liwu lakuti zokometsera, limene timaponyamo chilichonse kuyambira mchere mpaka timakyubu ta m'mapepala. Koma agogo athu ankasiyanitsa. Nsinjiro n'zotendera, zimalemeretsa ndiwo. Chidulo n'chofewetsa, ntchito yake ndi ya pa therere ndi masamba olimba. Tsabola ndi wowawitsa. Manjano ndi lemoni girasi ali m'gulu lina, la zonunkhiritsa, limene m'maphikidwe a Achewa linalibe malo ambiri. Pali chinthu china chimene wophika aliyense ayenera kudziwa pano: manjano akakumana ndi chidulo kapena soda amasanduka ofiira. Ndi chifukwa chomwecho dontho lachikasu pa chitenje limafiira mukalipaka sopo. Mpunga ukatuluka wofiirira pomwe mumayembekeza wachikasu, muyambe mwafunsa ngati mphikawo unatsukidwa bwino utaphikira therere.

Lemoni girasi ndi nkhani ya fungo basi. Ambiri timathyola masamba a pamwamba, koma fungo lilinso m'tsinde loyererako la m'munsi. Tsindelo mumaliphwanya ndi munsi kapena kumsana kwa mpeni kuti mafuta ake, okhala ndi citral, atuluke, masamba n'kuwamanga mfundo kuti asabalalike mumphika. Mafutawo amathawa ndi nthunzi, choncho kuvundikira sikongosunga kutentha ayi. Madzi akauma, mumachepetsa moto pansi, makala ena n'kuwaika pa chivundikiro kuti mpunga upse ndi pamwamba pomwe. Mthiko usayandikire. Kuvundula ndi kuthyakula ndi mawu a nsima, pa mpunga amangoswa njere. Udzuwo mumauchotsa musanapakule, pakuti sutafunika.

Liwu limene ndimalikonda koposa ndi kukolera. Timati mchere wakolera pamene walowa mokwanira, osaperewera, osapitirira. Palibe sikelo imene imanena zimenezi, ndi lilime lokha. Manjano nawo amakolera, ndipo muyeso wake ndi wochepa modabwitsa: theka la supuni ya tiyi limakwanira makapu awiri a mpunga. Wothira supuni ziwiri poganiza kuti akuchulukitsa ubwino amangopeza mpunga wowawa umene ana amausiya m'mbale.

Muyeso wochepawu ndi umene ukutifikitsa ku mawu a mtundu wachiwiri. M'misika ndi pa WhatsApp mumamva kuti manjano amatsuka magazi, amachotsa poizoni m'thupi, amachiza shuga ndi khansa. Funsani kuti kutsuka magazi n'kutani, simumva yankho lofanana kwa anthu awiri. Komatu Chichewa chili ndi mawu atatu osiyana bwinobwino. Kuchiza n'kuthetsa matenda amene alipo. Kuteteza n'kutsekereza matenda asanafike. Kuthandiza n'kupeputsa chabe. Wogulitsa akasakaniza atatuwa, wodwala ndi amene amalipira.

Zimene zikudziwika n'zakuti curcumin amachepetsa kutupa poyesedwa m'malabotale, ndipo kafukufuku wina waonetsa kuti amapeputsako ululu wa nyamakazi ya m'mawondo. Koma m'kafukufuku wotere anthu amamwa curcumin wosefedwa, kawirikawiri mamiligalamu 1,000 kapena kuposerapo pa tsiku. Mu ufa wa manjano curcumin alimo pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti theka la supuni lija silifika mamiligalamu 50, ndipo banja lonse likugawana. Pa kochepako, thupi limayamwa kagawo kakang'ono zedi. Mafuta amathandizira kuyamwako, tsabola wakuda nayenso amathandiza chifukwa cha piperine amene ali naye. Kambuzi wathu, ngakhale timamutcha tsabola, alibe piperine. Ndi zomera ziwiri zosiyana zimene zangogawana dzina. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena ali ndi miyala m'ndulu, asamwe makapisozi a tameriki asanafunse dokotala. Wa m'chakudya alibe vuto kwa anthu ambiri.

Mtundu nawo ungasocheretse. Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa bwino kuti mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, komanso maungu, mapapaya ndi mango, zili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A. Mayi angaganize kuti mpunga wachikasu uli m'gulu lomwelo. Suli m'menemo. Chikasu cha manjano sichisanduka vitamini A. Ngati m'mbalemo muli vitamini ameneyu, wachokera ku karoti kapena ku mafuta ophikira amene anawonjezeredwa vitaminiyu ku fakitale.

Pa lemoni girasi liwu lovuta ndi malungo. Kumudzi kutentha thupi kulikonse timakutcha malungo, ndipo tiyi wa udzuwu akamupatsa munthu wa chimfine n'kutuluka thukuta, mbiri imamveka kuti wachiza malungo. Tiyi wotentha amathandizadi: wodwala amamwa madzi ambiri, pakhosi pamafewa. Koma tizilombo ta malungo tobwera ndi udzudzu satipha. Mwana akatentha thupi, malo ake ndi ku chipatala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi, kuti akayezedwe magazi ndipo akapezeka ndi malungo alandire mankhwala a LA. Chitsamba cha lemoni girasi pakhomo sichilowanso m'malo mwa neti.

Kodi ndiye phindu lake lili pati? Lilipo, ndipo sindikulichepetsa. Aliyense amene anadwazikapo matenda amadziwa mawu akuti m'kamwa mukuwawa. Wodwala wotere amakankha phala, koma fungo la mpunga wonunkhira nthawi zina limamudzutsira chilakolako, n'kudya masupuni angapo. Fungo limalolanso wophika kuchepetsa mchere ndi makyubu chakudya osazizira, zomwe n'zofunika kwa odwala BP. Kupitirira apo, thanzi la mbaleyo limadalira zimene zatsagana ndi mpungawo. Pa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa, mpunga uli m'gulu la zokhutitsa pamodzi ndi nsima, ndipo woyera uja anauchotsa gaga monga timachitira pokonola chimanga. Kuupaka chikasu sikubweza zimene zinapita ndi gagayo, ndipo wodwala shuga ayenera kusamala kukula kwa mbale yake chimodzimodzi. Nsawawa, nyemba, nkhwani wotendera kapena kanyama ka nkhuku ndi zimene zimadzaza ena mwa magulu otsalawo.

Mkute wa mpunga usatengedwe ngati wa nsima. Muli mabakiteriya ena amene njere zawo sizifa ndi kuwira, ndipo mpunga ukagona pofunda amaswana n'kusiya poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Pa ukwati, pamene mapoto aakulu amaphikidwa m'mawa kuti adyedwe madzulo, apa ndi pofunika maso.

Ufa wa manjano wogula womwaza nawo ndi wofunika kuusamala. Mu 2019 ofufuza anapeza kuti ku Bangladesh amalonda ena ankapaka mizu ya manjano utoto wokhala ndi mtovu kuti iwale pa msika. Njira yodalirika ndi kudzala wekha, ndipo zomera ziwirizi sizivuta. Lemoni girasi mumangong'amba chitsa n'kuwokera pamene pamayenda madzi a pa mjigo kapena m'mbali mwa dimba. Manjano mumadzala timizu take mvula ikayamba, pa nthaka yothira manyowa, ndipo pakatha miyezi 8 kapena 9 masamba amauma, chizindikiro chakuti yakwana nthawi yokumba. Mizuyo mumaiwiritsa mpaka ifewe, n'kuiyanika pa thandala masabata awiri kapena kufikira itagogoda, kenako kusinja ndi kusefa. Musungeko timizu tina m'dothi louma pa mthunzi, tidzakhale mbewu ya chaka chamawa.